Mfuti ya ku Maitland: Kuwerenga Zidindo za pa Chitsulo monga M'mene Tiwerengera Mbiri ya Mau

1. Mau Oyamba

Pamsonkhano wa anthu ophunzira zinenero si kawirikawiri kumva nkhani ya mfuti, choncho ndiyenera kuyamba ndi kufotokoza m'mene nkhaniyi inandipezera. Chaka chatha, ndili ku Cape Town pa ntchito yolemba Chicheŵa chimene amalankhula Amalaŵi okhala kumeneko, ndinaitanidwa ndi mnyamata wina wochokera m'boma la Zomba, amene amagwira ntchito yaukalipentala ku Maitland, kufupi ndi mseu wa Voortrekker. Bwana wake, munthu wokonda kusunga zida zakale ndiponso wokhala ndi chilolezo cha boma, anali atagula mfuti yakale yausilikali. Amene anamgulitsayo ananena kuti inali ya msilikali wa ku Nyasaland, ndipo umboni wake unali zilembo zitatu, K.A.R., zolembedwa pa thabwa lokhazika paphewa. Chifukwa cha zilembo zimenezo ndalama zogulira zinakwera ndithu.

Kwa mnyamatayo nkhani sinali ya ndalama ayi. Agogo a bambo ake anali msilikali wa Keyala, ndipo kwao kunalibe kanthu kalikonse kotsala ka munthu ameneyo, ngakhale chithunzi. Iye anati, "Aphunzitsi, inu mumadziwa kuwerenga zinthu zakale. Tabwerani mudzaione gogodera ameneyu. Ngati alidi wa kwathu, ndiwapempha abwana kuti tsiku lina adzamtumize ku nyumba yosungirako zakale ku Chichiri."

Mfundo yanga m'pepala lino ndi imodzi. Funso lakuti "chinthu ichi chinachokera kuti" silikhala ndi yankho limodzi, kaya tikufunsa za mfuti kaya za liu. Pali kumene chinthu chinabadwira, pali kumene chinasinthidwira, pali manja amene chinadutsamo, ndipo pali zimene anthu anachinenera pambuyo pake. Wofufuza amene asakaniza zinayizi amapeza mbiri yokoma koma yabodza.

2. Dzina la Mfutiyi

Mfuti imene ndinaonetsedwa inali yolowetsa katiriji mmodzi yekha. Munthu akakankhira pansi chogwirira chimene chili kunsi, chitseko chachitsulo chimagwa, nalowetsa katiriji kumbuyo kwa mpope, kenaka nabweza chogwiriracho. Makina otere amatchedwa a Martini, potsata dzina la Friedrich von Martini wa ku Switzerland, amene anakonzanso maganizo a Henry Peabody wa ku America. Asilikali a ku Mangalande anavomereza mfuti ya makina amenewa m'chaka cha 1871 naitcha Martini-Henry. Ndiyo imene anali nayo pamene Azulu anawagonjetsa pa Isandlwana pa 22 January 1879.

Ife a zinenero tiyenera kuona bwino kapangidwe ka dzinali, pakuti ndi dzina lophatikiza limene mbali zake ziwiri zili ndi ntchito zosiyana. Mbali yoyamba imatchula makina otsekera katiriji, ndipo yachiwiri imatchula mpope, makamaka tingalande topota tam'kati mwake timene timazunguza chipolopolo kuti chipite molunjika. Henry wa m'dzinali si Peabody uja ayi, koma Alexander Henry wa ku Edinburgh, mwini luso la mpope wa tingalande 7. Lamulo lomweli ndilo linabala maina akuti Martini-Metford, Martini-Enfield, Lee-Metford ndi Lee-Enfield. Kotero mfuti ikasinthidwa mpope, mbali yachiwiri ya dzina lake iyenera kusinthanso, monga m'mene mneni amasinthira tanthauzo tikachotsa mphatikiri wina n'kuikapo wina, tsinde lili lomwelo.

3. Zidindo Zake

Ndinayamba ndi mbali ya kumanja ya thupi la mfuti, ndiko kuti kabokosi kachitsulo kamene kamasunga makina. Pamenepo panali chisoti chachifumu, pansi pake zilembo V.R., kenaka ENFIELD, chaka cha 1881, ndi nambala ya Chiroma III. Zilembo V.R. zikuimira Mfumukazi Victoria. Enfield ndi fakitale ya boma ya mfuti imene inali ku Enfield Lock, kumpoto kwa London, ndipo inatsekedwa m'chaka cha 1988. Nambala ija ikutanthauza kuti mfutiyi inabadwa ili Martini-Henry ya mtundu wachitatu. Pa nthawiyo kamwa la mpope wake linali mainchesi .450, pafupifupi mamilimita 11.4, ndipo katiriji wake anali wa onga wakuda wa utsi wambiri.

Tisanakhulupirire chidindo tiyenera kuchiyesa, monga tichita ndi zolembedwa pamanja zakale. Amisiri a kufupi ndi Khyber Pass, kumalire a Afghanistan ndi Pakistan, akhala akusula mfuti za Martini pamanja, nakopera ndi zidindo zomwe. Koma popeza ambiri ankakopera maonekedwe a zilembo osadziwa Chingerezi, kawirikawiri N wa m'liu lakuti ENFIELD amaoneka chozondoka, kapena zilembo V.R. zimaima pamodzi ndi chaka chimene Victoria anali atamwalira kale, pakuti iye anamwalira pa 22 January 1901. Kuno kumwera kwa Africa kulinso mfuti za Martini zimene kampani ya Westley Richards ya ku Birmingham inapangira boma la Mabunu la Transvaal. Zimenezo zili ndi dzina la kampaniyo ndi zilembo Z.A.R., osati chidindo cha Enfield. Pa mfuti ya ku Maitland zilembo zonse zinali zolunjika, zakuya mofanana, ndipo chaka chinali chogwirizana ndi mtundu wake. Kubadwa kwake kunalibe chikaiko.

Tsono ndinaitembenuza. Ku mbali ya kumanzere kunali chisoti china, V.R. ndi ENFIELD kachiwiri, koma chaka chinali 1896, ndipo pansi pake panali M.E. .303 ndi nambala I. Pamwamba pa mpope, pamene mpopewo ulowa m'thupi, panali chilembo E. Titawalitsa nyali m'kati tinawerenga tingalande 5 topotera kumanzere, ndipo kamwa lake linali laling'ono, mamilimita 7.7 okha. Zonsezi zinkanena chinthu chimodzi: patapita zaka 15 chibadwire, mfutiyi inabwerera ku fakitale, inachotsedwa mpope wa Henry, niikidwa wa Enfield, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake loyenera ndi Martini-Enfield.

Chifukwa cha kusinthako n'chodziwika. M'chaka cha 1888 Angerezi anasankha katiriji wamng'ono wa .303 pamodzi ndi mfuti ya Lee-Metford yonyamula makatiriji angapo nthawi imodzi. M'nkhokwe zao munatsala mfuti za Martini zankhaninkhani, zolimba bwino, koma zofuna katiriji wa mtundu wina. Kusunga mitundu iwiri ya makatiriji m'gulu limodzi la nkhondo n'kudziputira mavuto, ndipo kutaya mfutizo kunali kuononga chuma. Choncho anaganiza zongosintha mipope pamodzi ndi tizitsulo tina ta m'makina, monga kamene kamakoka khoko la katiriji woombedwa kale. Poyamba ankaika mipope ya William Metford ya tingalande 7 tosazama. Koma kuyambira 1891 m'makatiriji munayamba kuikidwa cordite m'malo mwa onga wakuda, ndipo moto wake woopsa unkadya tingalande timeneti msanga. Ndiye chifukwa chake m'chaka cha 1895 anavomereza mpope wa Enfield wa tingalande 5 tozama. Chilembo E chija chinali chouza wosula mfuti wa m'gulu la nkhondo mtundu wa mpope umene ali nao m'manja.

Panatsala zidindo ziwiri za umwini. Choyamba chinali chilembo U chokhala ndi mutu wa muvi m'kati mwake. Mutu wa muvi ndi chizindikiro chakale cha katundu wa boma la Angerezi, ndipo U ikuimira Union of South Africa, dziko limene linapangidwa pa 31 May 1910 pophatikiza Cape, Natal, Transvaal ndi Orange River Colony, ndipo gulu lake la nkhondo linakhazikitsidwa m'chaka cha 1912. Chidindo chachiwiri chinali mitu iwiri ya mivi yogundana nsonga, imene itanthauza kuti boma linagulitsa chidacho mwalamulo, sichinabedwe ayi.

4. Njira Yofikira ku Cape

Kodi pakati pa 1896 ndi 1910 mfutiyi inali kuti? Apa tiyenera kuyang'ana m'mene mfuti zosinthidwazi zinkagawidwira. Asilikali enieni a ku Mangalande ankalandira mfuti zatsopano za Lee, ndipo zosinthidwazi zinkapita kwa magulu odzipereka, apolisi, ndi asilikali a m'maiko olamulidwa ndi Angerezi. Maitland yemwe ali ndi gawo m'mbiri imeneyi. Malowa, amene anatchedwa dzina la Sir Peregrine Maitland, Bwanamkubwa wa Cape kuyambira 1844 mpaka 1847, anali ndi msasa wa asilikali a pa akavalo pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902. Gulu loyamba la asilikali a ku New Zealand litatsika m'sitima ku Cape Town mu November 1899 linagona pa msasa umenewo, ndipo linali ndi mfuti zazifupi za Martini-Enfield. Mfuti za banja limeneli sizinali zachilendo ku Cape, ndipo pamene Union inapangidwa inalandira nkhokwe za zida za maiko anai aja, nidindapo chizindikiro chake.

Komatu wogulitsa uja sanalote nkhani yake yonse. Gulu la Central African Rifles linakhazikitsidwa m'dziko lathu m'chaka cha 1896, ndipo pa 1 January 1902 linalowa m'gulu lalikulu la King's African Rifles monga batalioni yoyamba ndi yachiwiri. Asilikali a ku Zomba anamenya nkhondo ku Asante m'chaka cha 1900, ndipo ambiri a batalioni yachiwiri anathera pa Gumburu ku Somaliland mu April 1903. M'zaka zimenezo iwonso ankapatsidwa mfuti za Martini za .303. Kotero n'zoona kuti agogo a mnyamata uja, ngati analembedwa usilikali nthawi imeneyo, ankadziwa mfuti ya mtundu womwewu. Koma kunena kuti munthu ananyamula mfuti ya mtundu uwu n'kosiyana ndi kunena kuti ananyamula mfuti iyi. Zida za asilikali a ku Zomba zinali pansi pa ulamuliro wa ku London, osati wa Cape kapena wa Pretoria, ndipo chidindo cha U chikulozera ku nkhokwe za kumwera kuno.

Tsono zilembo K.A.R. zija? Magulu a nkhondo ankadinda zizindikiro zao ndi zitsulo zodindira, ndipo kawirikawiri ankaikapo nambala ya gulu ndi nambala ya mfuti, pakuti cholinga chinali kuwerengera katundu. Zilembo za pa mfutiyi zinali zojoba ndi mpeni, zopanda nambala, ndipo mnyamata uja, pokhala kalipentala, ndiye anayamba kuona chimene ine sindinachione: mpeniwo unadula vanishi wokutira thabwalo, ndipo m'kati mwa zilembo thabwa linali loyera, pamene m'zipsera zina zonse linali lakuda ndi mafuta a zaka zambiri. Iye anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Izi azilemba dzana lomweli."

5. Zimene Mau Akutiuza

Njira yomweyi, yolekanitsa kubadwa, kusinthidwa, umwini ndi zonenedwa pambuyo, ndiyo tiyenera kutsata pofufuza mau a Chicheŵa okhudza zida, pakuti m'mau amenewa muli mbiri imene chitsulo chija chinalephera kumpatsa mnyamatayo.

Tiyambe ndi liu lakuti mfuti. M'Chishona amati pfuti, m'Chibemba imfuti, m'Chitumbuka futi, m'Chiyao uti. Koma Aswahili amati bunduki, liu lochokera ku Chiarabu. Apwitikizi amati espingarda. Azulu amati isibhamu. Axhosa amati umpu. Apa tikuona kuti ngakhale zida zambiri zinkafika kwathu kudzera m'malonda a Aswahili ndi Apwitikizi, dzina la chidacho silinatengedwe kwa iwo, koma linafala pakati pa mitundu ya kumtunda kuno, kuzungulira Zambezi ndi nyanja ya Malaŵi. Chimodzimodzi liu lakuti onga: Aswahili amati baruti, ndipo lathuli likufanana ndi unga, limene m'Chiswahili litanthauza ufa. Njira ya chinthu ndi njira ya dzina lake siziyenda pamodzi nthawi zonse.

Mau ena ndi obwereka ndithu, koma anasintha panjira. M'Chiswahili mzinga utanthauza mng'oma wa njuchi ndiponso mfuti yaikulu, chifukwa zonsezi n'zobulungira ndi zamphako. Ife tinangotenga tanthauzo lachiwiri, popeza liu la mng'oma tinali nalo kale. Msilikali ndi liu lochokera ku serikali, limene m'Chiswahili litanthauza boma, ndipo Aswahiliwo analitenga ku Chiperezi. Kwa makolo athu munthu wa yunifolomu ndi mfuti ndiye anali boma limene ankaliona ndi maso.

Liu lakuti chiwaya ndilo likufanana kwambiri ndi mfuti yathu yosinthidwa mpope. Tsinde lake ndi la pakhomo, chitsulo chokazingira chimanga kapena mtedza. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene kwathu inabweretsa kumenyana kwa pa Karonga pa 9 September 1914, dzinali linapatsidwa kwa mfuti yolira mosalekeza, ndipo pambuyo pake kwa nkhondo yonseyo, imene inatenga amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko lathu monga atengatenga. Melvin Page anatcha buku lake la m'chaka cha 2000 The Chiwaya War potsata kalankhulidwe ka akuluakulu amene anacheza nao. Thupi la liu ndi lakale, koma ntchito yake ndi yatsopano, ndipo chaka cha kusinthako tingathe kuchiloza.

Keyala ndi chenjezo kwa ife tonse. Pali Keyala wa asilikali, amene ndi katchulidwe kathu ka zilembo K.A.R., monga Aswahili anenera Keya. Ndipo pali keyala wa pa envulopu, wochokera ku mau a Chingerezi akuti care of. Mau awiriwa amamveka chimodzimodzi, ndipo munthu angathe kupeka nkhani yokoma yowalumikiza, yonena za makalata opita kwa asilikali. Nkhani yotero ingakhale ngati zilembo zojoba ndi mpeni zija: yosangalatsa, yogwirizana ndi zimene mtima ukufuna, koma yoikidwa pamwamba pa vanishi.

Potsiriza pali gogodera, dzina limene mnyamata uja anaitcha mfutiyo. Liuli likuchokera ku mneni kugogoda, pakuti mfuti yotero amaithira onga ndi chipolopolo kukamwa, n'kumagogoda ndi kamtengo kapena kachitsulo kuti zitsike. Kuti mfuti zotere zinakhalitsa m'midzi mwathu si ngozi ayi. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, kuyambira madigiri 20 kumpoto mpaka madigiri 22 kumwera, nilola zokhazo zachikale zothira onga kukamwa. Ku Cape nako lamulo la 1878 lolanda anthu akuda mfuti ndilo linautsa nkhondo ya Abasotho ya 1880 mpaka 1881. Kotero m'mudzi munali gogodera, ndipo mfuti yolowetsa katiriji kumbuyo inali ya boma, yobwerekedwa kwa msilikali ndi kulandidwanso tsiku lomasulidwa. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene mabanja a asilikali a Keyala alibe mfuti za agogo ao.

M'kamwa mwa mnyamatayu liu lakuti gogodera linali litakula tanthauzo mpaka kuimira mfuti iliyonse yakale. Kwa ife kukula kotero ndi chinthu chofunika kuchilemba, koma kwa womasulira m'khoti kapena ku polisi ndi msampha. Lamulo la mfuti la ku South Africa, Firearms Control Act la m'chaka cha 2000, limasiyanitsa mfuti yothira onga kukamwa ndi yolowetsa katiriji kumbuyo, ndipo Martini, ngakhale ikhale ya 1881, imafuna laisensi. Ndiponso munthu amene awerenga mbali ya kumanja yokha adzalemba pa pepala kuti mfutiyo ndi ya .450, pamene mpope umene ulipo ndi wa .303. Dzina lolakwika lingathe kumanga munthu wosalakwa, ndipo chida cha zaka zotere sichiyenera kuombedwa wosula mfuti wovomerezeka asanachiyese.

6. Mathero

Zimene ndinauza mwini mfuti ndi mnyamata uja ndi izi. Mfutiyi inapangidwa ku Enfield m'chaka cha 1881 monga Martini-Henry ya mtundu wachitatu. Inaikidwa mpope wa.303 pa fakitale yomweyo m'chaka cha 1896 nisanduka Martini-Enfield. Inali katundu wa boma la Union pambuyo pa 1910. Ndipo boma linaigulitsa mwalamulo. Palibe chidindo chimene chikuilumikiza ndi Zomba, ndipo ku Chichiri ikanapita ndi chikwangwani chonama.

Kunena zimenezi kwa mwana wofuna agogo ake sikunali kopepuka. Koma ndinamuuza kuti munthu amene akumfunayo sadzapezeka pa chitsulo, chifukwa boma linkadinda katundu wake, osati dzina la amene ananyamula katunduyo. Maina a asilikali ayenera kufunidwa m'mapepala a ku National Archives of Malawi ku Zomba, m'mindandanda ya olandira mamendulo imene ili ku National Archives ku Kew, ndi pa chipilala cha asilikali a Keyala chimene chili ku Zomba komweko. Pofuna kutero ayenera kuyamba ndi kufunsa azakhali ndi agogo amene adakali moyo dzina limene munthuyo analembetsa, mudzi ndi mfumu yake, ndi maina a malo amene ankatchula pokamba za nkhondo.

Pempho langa kwa bungwe lino likuchokera pomwepo. Mau onga chiwaya, tengatenga, Keyala ndi gogodera akusintha tanthauzo m'kamwa mwa achinyamata, makamaka amene akukulira ku Cape Town, Johannesburg ndi Harare. Tiyenera kuwalemba m'madikishonale athu pamodzi ndi zaka za matanthauzo ao, lakale kumanja ndi latsopano kumanzere, monga m'mene amisiri a ku Enfield anasiyira chidindo cha 1881 pamene ankadinda cha 1896.